Foni ya Amalume M'poto pa Chulu

Dzulo tinachita sadaka ya arobaini ya amalume anga, Che Jafali, yotsekera masiku makumi anayi chiwaikireni m'manda. Ashehe anawerenga dua yopempherera malemu, anthu anadya mpunga, ndipo aliyense amene anapatsidwa mpata wolankhula ananena mawu amodzimodzi: malemuwa anali munthu wodekha. Ine ndinangoluma mlomo kuseri kwa mpango. Kudekha anali nako, sindikukana, koma kudekha komweko kunatsala pang'ono kundilanda mwana, ndipo eni akewo ankadziwa. Poti dzulo palibe anatchula zimenezo, nditchula ine, mwana wa mlongo wawo, amene ndinakangana nawo kuposa wina aliyense.

Amalume anali munthu wa mafunso, ndipo mafunso awo onse ankazungulira pa chinthu chimodzi: kuchedwa. Ukamayenda nawo m'dambo ankatha kuima mwadzidzidzi n'kukugwira mkono. "Taona uyo akudula mtengo tsidya ilo. Nkhwangwa yagwa kale, koma phokoso lake likutipeza pano. Linali kuti nthawi yonseyi?" Iwe uli ndi mtolo wa nkhuni pamutu, khosi likuwawa, iwo akudikira nkhwangwa igwenso kuti awerenge bwino. Mphezi ikang'anima, anzawo akuthawira m'nyumba, iwo maso ali pa wotchi kudikira bingu. Ankakonda kunena kuti uthenga woona ukafika mochedwa susiyana ndi bodza, chifukwa onse awiri amakusiya m'manja muli mbee.

Matendawa anawatenga ku njanji. Ali mnyamata anakwatira kwa Kalembo, n'kupeza ntchito pa kasiteshoni kena kufupi ndi Balaka. Ntchito yake inali yomvera belu lobwera pa waya kuchokera ku siteshoni ina. Likalira kangapo ndiye kuti sitima yanyamuka uko, likalira kangapo kena ndiye kuti njanji ili ndi mwini wake, dikira. Lamulo lalikulu linali loti usakhudze chitsulo chilichonse belu lisanamalize kulira, chifukwa munthu wopupuluma pa njanji amapha anthu ambiri tsiku limodzi. Mkazi wawo atamwalira anabwerera kuno kwawo kudzayang'anira mbumba. Anabwera ndi wotchi, njinga yakapalasa, ndi lamulo limenelo.

Mudzi wathu uli kutali ndi msewu, kuseri kwa mapiri, njira ya ku Chiuta. Kuseri kwa nyumba ya amalume kuli chulu chachikulu, ndipo pa chulu pomwepo njira imagawikana: ya kumanzere imapita ku Ntaja, ya kumanja ku Nselema. Konseko ndi ulendo wa miyendo wotha theka la m'mawa. Mwana wawo Yusufu atawatumizira foni kuchokera ku Joni, yoyamba m'mudzi monse, anayenda nayo m'mwamba khomo ndi khomo ngati akufukiza nyumba, mpaka anapeza kuti netiweki imagwira pamwamba pa chulu pokhapo. Ngakhale pamenepo inkachita kubwera ngati mlendo wamanyazi. Anakhomapo mtengo, pamtengopo msomali, n'kumaipachika.

Zaka zambiri pambuyo pake, atabwera anthu odzamanga nsanja ya netiweki paphiri la kuseri kwathu, amalume anawasowetsa mtendere. Ankapita m'mawa uliwonse atavala mkanjo woyera, kukakhala pamwala. Tsiku lina ndinakawaitana kuti adzadye, ndinapeza atamupanikiza mmisiri wina, bambo wa ndevu wochokera ku Blantyre, munthu woleza mtima ndithu.

"Tandiuzani bambo," anatero amalume, "munthu akandiimbira, foni yanga imadziwa bwanji kuti akufuna ineyo, osati mnansi wanga Che Saidi?"

Mmisiri uja anati foni siyamba ndi kumva mawu iyayi. Pali kanjira kakang'ono kolamulira, kamene nsanja imalengezerapo kuti uje, uthenga wako uli pakuti, katenge. Foni imagona n'kumadzuka kukamvetsera pa kanjirako. Vuto ndi loti sidziwiratu pamene chilengezo chake chaikidwa, ndiye imayesa apa, imayesa apo, ngati munthu wogogoda makomo a nyumba za lendi kufuna m'bale wake, mpaka ipeze khomo loyenera. Nthawi yogogodayo ndi imene akatswiri amalimbana nayo kuti ichepe.

"Imatenga nthawi yaitali bwanji?"

"Aaa, agogo, simungaione. Kuphethira kwa diso n'kwakutali."

"Koma ndi nthawi," anatero amalume. "Ndiye mumachita bwanji? Mumaiuza kuti igogode mwachangu, kapena mumaiuziratu khomo?"

Bambo uja anaika sipanala pansi n'kuwayang'ana. Anati zonse ziwiri zimayesedwa, koma chanzeru n'kuchepetsa makomo. Kenaka anafunsa kuti kodi agogowa anaphunzira kuti zimenezi. Amalume anangoloza ine ndi chibwano. "Anandiphunzitsa ndi mayi awa, ndi mwana wawo wotupa mapazi." Titafika kunyumba, chakudya chija anangochitola pang'ono.

Za mwanayo zinachitika kale, nsanja isanabwere, m'chaka cha njala yachiwiri ija, imene inatipeza tisanapole ku yoyamba. Mvula inadula chimanga chikumasula, ndipo pofika nthawi ya mango nkhokwe zinali zitasanduka zogona nkhuku. Tinkaphika mango aawisi, tinkasefa madeya kawiri. Mwana wanga Patuma anali atangosiya kuyamwa. Tsitsi linayamba kufiira, mapazi kutupa, ukadina chala pakhungu dzenje limatsala. Sankaliranso, ankangokuyang'ana. Mayi aliyense wa kuno amadziwa kuti mwana akasiya kulira, masiku ayamba kuwerengeka.

Chimanga chotsika mtengo chinkabwera pa lole ku madepoti a Ntaja ndi Nselema, koma tsiku lake panalibe ankalidziwa, ndipo chikabwera chinkatha dzuwa lisanapendeke. Anthu apafupi ankagonera pomwepo. Ife akutali sitikanatha, chifukwa kandalama kogulirako tinkakapeza pa ganyu yopalira m'minda ya ena, ndipo ukakhala pa depoti masiku atatu ndiye kuti ganyu yapita, munda wakonso wamera thengo. Tinkangoyenda mwamwayi. Upite ku Ntaja, umve kuti lole yadutsa dzulo kupita ku Nselema.

Apa ndi pamene amalume anatulukira nzeru. Ku Ntaja anali ndi mnzawo wa kuubwana, Che Twaibu, telala, amene makina ake anali pakhonde loyang'ana msewu wochokera ku Liwonde. Awiriwa anavinidwa limodzi ku jando, ndipo chigulireni mafoni, m'mawa uliwonse Che Twaibu ankawaflashira kamodzi, kuimba n'kudula isanayankhidwe, kutanthauza kuti mwadzuka bwanji, ine ndadzuka. Mayunitsi olankhulira panalibe anali nawo chaka chimenecho, koma kuflasha n'kwaulere. Ndiye anapangana monga ku njanji. Kamodzi ndi moni wa masiku onse. Kawiri, lole yaima pa Ntaja. Katatu, yapitirira ku Nselema. Amalume anasonkhanitsa amayi a mbumba yonse n'kutifotokozera, nkhope ikuwala ngati munthu wogula njinga yatsopano. Ifenso tinaombera m'manja. Tinati koma mutu uwu, Mulungu ausunge.

Linali Lachiwiri m'mawa, tikupalira m'munda wa pafupi ndi chulu, pamene foni inalira. Tinaimika makasu. Kamodzi. Amalume anakweza dzanja kuti tikhale chete. Panapita kanthawi, inaliranso. Kawiri! Ndinataya khasu, ndinamanga Patuma kumbuyo, thumba lili kale m'chiuno.

"Ima!" anatero amalume. "Belu silinathe."

"Lalira kawiri, amalume. Ndi ku Ntaja."

"Nanga likalira kachitatu uli panjira ya kumanzere? Ukafika ku Ntaja, lole ili ku Nselema. Dikirani."

Zinali zoona, ndipo n'chifukwa chake tinamvera. Netiweki ya pa chulu tinkaidziwa: nthawi zina inkasowa kwa kanthawi, munthu n'kumayesa kuimba osalowa. Pakati pa kulira koyamba ndi kwachiwiri panali patadutsa nthawi yoti ukanatha kutunga madzi pa mjigo. Ndiye kachitatu kakanabwera liti? Palibe ankadziwa, ngakhale iwo. Ku njanji belu linkayenda pa waya, kulira kwake motsatana ngati mapazi a munthu mmodzi, ndipo ukamva chete umadziwa kuti latha. Apa chete sankatanthauza kanthu. Tinaima amayi asanu ndi awiri, matumba m'manja, kuyang'ana kachinthu kolendewera pa msomali. Amalume maso pa wotchi.

"Kuona maso a nkhono n'kudekha," anatero.

"Nkhonoyo ndiye tidya?" ndinayankha. "Amalume, mwana uyu si sitima!"

Anatisunga mpaka mthunzi wa mtengo uja unafupika. Kachitatu sikanabwere. Atatsitsa dzanja tinathamanga, inde kuthamanga, amayi anjala ana kumbuyo. Tinapeza mzere utazungulira mpanda wa depoti. Tinaima padzuwa mpaka masana, tikusendera pang'onopang'ono, ndipo nditatsala ndi anthu owerengeka kutsogolo kwanga, moti fungo la chimanga ndinkalimva, anatseka zenera. Chatha. Amene anafika patsogolo pathu pang'ono chabe anasenza. Ndinakhala pansi pomwepo, sindinalire.

Madzulo ake ndinapita kunyumba kwawo. Sindinagwade, sindinapereke moni. Ndinamasula Patuma n'kumuika pamiyendo pawo, pa mkanjo woyerawo. Ndinatenga chala chawo n'kudina nacho phazi la mwanayo, n'kuwauza kuti awerenge pa wotchi yawo kuti dzenjelo litenga nthawi yaitali bwanji kuti litsekeke, poti amakonda kuwerenga. Mawu amenewo ndimachita nawo manyazi mpaka lero, koma sindinawabweze. Amalume anayang'ana dzenje lija. Anayang'anadi mpaka linatsekeka. Sanandikalipire, anangoti, "Pita ukagoneke mwana."

Munthu wina akanadwala ndi chisoni kapena akanataya foniyo m'chimbudzi. Iwo ayi. M'mawa mwake ndinawaona atakhala pansi pa chulu akujambula mizere pamchenga ndi kamtengo, akufufuta, akujambulanso, akudzilankhulira m'Chiyao. Ndinkati mutu wasokonekera. Atandiona anandikodola ngati dzulo lake panalibe kanthu.

"Bwera uone pamene ndinalakwa. Ndinaika moni patsogolo, chimanga pambuyo. Ndiponso ndinapanga kuti kawiri akhale m'mimba mwa katatu, ndiye munthu sungadziwe kawiri usanadikire katatu. Cholakwa si netiweki iyayi, ndine. Uthenga wa njala uyenera kumveka pa kulira koyamba, usanathe n'komwe."

Ndinali ndidakali ndi mkwiyo, ndinangoti chabwino, n'kumapita. Iwo anakwera njinga ulendo wa ku Ntaja, m'mimba muli mango awiri.

Zimene zinachitika kumeneko anandiuza ndi a Nangondo, mayi wa Chikhristu amene ankagulitsa nsomba zouma za ku Chiuta pafupi ndi khonde la telala uja, nayenso anali ndi foni. Amalume anafika n'kunena kuti zowerenga zatha. Lole ikaima pa Ntaja, aflashe Che Twaibu pa foni yawo. Ikapitirira ku Nselema, aflashe a Nangondo pa yawo. Kamodzi kokha n'kokwanira, chifukwa amene waimbayo ndiye uthenga. A Nangondo anavomera msanga. Vuto linabuka pamene Che Twaibu anafunsa kuti nanga moni wa m'mawa uja azipereka bwanji.

"Moni watha," anatero amalume. "Nambala yako ikalira kwathu, amayi azitaya makasu. Sungamandipatse moni."

Che Twaibu anaimitsa makina. Kuno kwathu munthu amene sakupatsa moni ndi mdani kapena mfiti, ndipo awa anali anthu oti anagona msasa umodzi ku jando. "Jafali, zaka zonsezi, lero ukundiletsa kukufunsa ngati wadzuka? Ndasanduka belu lako ine? Ukafa usiku ndidzamva kwa ndani?"

"Udzamva mochedwa," anayankha amalume, "ndipo palibe chidzaonongeke. Koma chimanga tikachimva mochedwa tiika mwana m'manda."

A Nangondo akuti telala uja anatukwana m'Chiyao mawu oti sangabwerezedwe, anatinso njanji inawadya ubongo amalume. Koma amalume akukwera njinga, telalayo anawakuwira kuti, "Ndamva! Pita, wamisala iwe."

Atabwerako anakonza zina ziwiri. M'foni anafufuta mayina a anthu aja, n'kulemba NTAJA ndi NSELEMA, ndipo nambala iliyonse anaipatsa kaliridwe kake, kuti ngakhale ife osawerenga tizidziwa ndi khutu. Ya Ntaja inkalira mofulumira ngati belu la njinga ya kabaza, ya Nselema mokoka ngati chule wa m'dambo. Kenaka anatenga poto wa aluminiyamu wa malemu mkazi wawo, amene sankalola munthu kumukhudza, anamuboola pakhutu, n'kumupachika pa msomali chopendeketsa kuyang'ana kuminda, foni m'kati. Ikalira m'menemo inkamveka mpaka kumjigo. Tsiku lonse anatiyesa mayeso ngati ana a sukulu: iyi ndi iti? Nanga iyi? Ife tikuseka ndi njala yathu yomweyo, kuti ha, koma bambo awa.

Tinadikira masiku asanu ndi limodzi, ndipo amenewo ndi masiku aatali kuposa ena onse amene ndakhalapo ndi moyo. Kutupa kwa Patuma kunakwera mpaka m'mawondo. Foni inali zii m'mawa uliwonse, moni uja kulibe, ndipo ndinkaona amalume akuyang'ana poto nthawi imene mnzawo ankawaflashira, kenaka n'kuyang'ana kumbali. Tsiku lachisanu ndi chiwiri, dzuwa litangokwera pang'ono, chule analira m'poto. Sanamalize n'komwe kulira kwake koyamba, ine ndinali kale pa njira ya kumanja. Kumbuyo ndinkamva amalume akukuwa, "Nselema! Musayang'ane kuno, pitani!" Tinafika lole akuitsitsa kumene, mzere usanakhote pakona. Ndinasenza chimanga changa, ndinagayitsa pomwepo, ndipo phala loyamba ndinapempha moto kwa mayi wina wa pa msika n'kumuphikira Patuma m'chitini, pansi pa mtengo. Anamwa masipuni ochepa, kenaka analira. Kulira kwenikweni, kokwiya, kofuna zina. Ine ndinaseka ngati wopenga pakati pa msika.

Poto uja analira kangapo konse mpaka chimanga chatsopano chinacha, ndipo sitinaphonyenso. Amalume sanabwere kudzandiuza kuti waona, ndipo ine sindinapite kukapepesa. Chimene ndinachita n'choti mondokwa woyamba wa chaka chimenecho ndinawaotchera ndekha n'kukawapatsa nditagwada. Analandira, n'kundifunsa ngati ndikudziwa chifukwa chake njere za kunsonga zimapsa msanga kuposa za kutsinde. Ndinati amalume, idyani.

Njala itatha ndinkaganiza kuti moni uja abwerera. Sanabwerere. Che Twaibu anati lamulo anaika ndi Jafali, achotse yekha. Amalume anati njala siitsanzika, ingabwerenso, ndipo belu likangozolowera kulira zachabe anthu amasiya kulithamangira. Ndiye madoda awiriwa anakhala zaka zonsezi osaimbirana. Akafuna kupatsana moni amalume ankapalasa njinga Lachisanu kukaswali ku mzikiti wa ku Ntaja, kenaka n'kukhala pakhonde la telala mpaka madzulo, akukangana. Mafoni atsopano anabwera, Yusufu anatumiza ina yaikulu ya zithunzi, koma kakale kaja sanakataye. Anakamanga ndi mphira, ankakasinthira batire, ndipo m'mawa uliwonse ankakaika m'poto, madzulo n'kukachotsa. Miyendo itayamba kukana njinga, ndipo Che Twaibu naye atagwa sitiroko, zaka zitatu zomaliza sanaonane.

Amalume anamwalira m'bandakucha, tinawaika tsiku lomwelo monga mwa Chisilamu. Che Twaibu anamva mawa lake, mochedwa, monga anauzidwira.

Dzulo m'mawa, ndisanayambe ntchito za sadaka, ndinatenga kafoni kaja n'kukakaika m'poto. Sindikudziwa chifukwa chake, mwina poti tsiku lililonse kankakhala pamenepo. Amayi tinali kuseri kwa nyumba pa mafuwa, Patuma akupakula mpunga, wake mwana ali kumbuyo. Ashehe anali atangomaliza dua. Mwadzidzidzi m'poto munalira belu la njinga lija, kaliridwe ka Ntaja.

Ndinazindikira ndili chiimire, dzanja likufufuza thumba m'chiuno. Nditayang'ana, amayi ena anayi a masiku aja nawonso anali ataima, wina chipande chili m'manja, wina wa ndodo ataponya kale phazi kuloza njira ya kumanzere. Achinyamata ankangotiyang'ana, osadziwa kuti chachitika n'chiyani. Foni inalira kamodzi n'kudula. Tinayang'anana. Chimanga tili nacho chaka chino, ndipo ku Ntaja kulibe lole imene tikuidikira. Ndi pamene mayi wa ndodo uja ananena chapansipansi kuti, "Ndi moni ameneyo." Tsiku la maliro sindinalire kwambiri, koma dzulo anachita kundigwira.

Lero ndadutsa pa chulu popita kumjigo. Mtengo uja chiswe chaudya kutsinde, wapendekeka. Poto akadali pa msomali, m'kati mwagwera masamba, ndipo pansi pa chulu pamene ankakhala amalume udzu sunayambe kumera. Netiweki masiku ano imagwira paliponse, ngakhale m'khitchini, ndiye palibenso amene ali ndi chifukwa chokwera pamenepo. Kafoni kali m'thumba mwangamu. Kuyambira m'mawa ndakhala ndikukatulutsa, kuyang'ana pamene alemba kuti NTAJA, n'kukabweza. Moni amayankhidwa, ndipo mwini wake kulibe. Ndikamaliza kutunga madzi ndikwera pa chulu ndiwaflashire Che Twaibu, kamodzi.